Mmene mungakonzere ulendo wokasaka nyama za m'mapiri, agwape ndi abakha ku New Zealand

Pa chilumba cha South Island ku New Zealand, mlenje angathe kusaka mitundu itatu ya nyama paulendo umodzi: agwape akuluakulu otchedwa red deer m'nkhalango ndi m'zigwa, nyama za m'mapiri zonga mbuzi zotchedwa tahr ndi chamois pamwamba pa mapiri a Southern Alps, ndiponso abakha m'madambo ndi m'maiwe. Mwayi umenewu unachokera m'mbiri ya dzikolo. Kale kumeneko kunalibe nyama zoyamwitsa zapamtunda kupatula mileme. Agwape anabwera nawo ndi Angerezi kuyambira m'zaka za m'ma 1850. Mbuzi za tahr, zomwe kwawo ndi kumapiri a Himalaya, zinamasulidwa pafupi ndi phiri la Aoraki/Mount Cook mu 1904 kuchokera ku Woburn Abbey ku England, ndipo chamois anafika mu 1907 ngati mphatso yochokera kwa mfumu Franz Joseph ya ku Austria. Popeza kulibe zilombo zozigwira, nyamazi zinaswana mpaka kuyamba kuwononga zomera za m'mapiri, kotero kuti boma limaziona ngati zofunika kuzichepetsa. N'chifukwa chake m'malo ambiri a boma mulibe nyengo yoletsa kusaka agwape, tahr kapena chamois. Chimene chimavuta paulendowu si kusowa kwa nyama ayi, koma mapepala, nyengo ndi kutalika kwa mapiri, ndipo zonsezi zimakonzedwa munthu akadali kwawo.

Yambani ndi kalendala

Musanafunse mtengo wa tikiti ya ndege, ikani masiku pa kalendala, chifukwa nyama zitatuzi sizifika pachimake nthawi imodzi. Mphongo za agwape zimalira ndi kulimbirana zazikazi kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira chapakati pa Epulo, nyengo imene alenje akumeneko amaitcha roar, ndipo kulirako kukatha zimabwerera m'nkhalango zowirira n'kukhala phee. Nyengo ya abakha imatsegulidwa Loweruka loyamba la Meyi chaka chilichonse, ndipo kuwombera bakha tsikulo lisanakwane ndi mlandu. Atonde a tahr amayamba kutsata zazikazi mu Meyi mpaka Juni, nthawi imene manyenje awo amakhala atatalika chifukwa cha kuzizira, ndipo chamois nawonso amakwerana m'miyezi yomweyi.

Amene akufuna zonse zitatu afike m'sabata lachiwiri la Epulo, ayambe ndi agwape kulira kusanazilale, atsatize chamois, akhale m'dambo pa Loweruka lotsegulira abakha, kenaka amalize ndi tahr. Umenewu ndi ulendo wa pafupifupi mwezi wathunthu. Ngati muli ndi masiku khumi okha, ine ndingakulangizeni kufika kumayambiriro kwa Meyi n'kuika mtima pa abakha ndi tahr. Mphongo za agwape zimakhala zikadali ndi nyanga nthawi imeneyo, ndipo mwina mungaipeze imodzi, koma musayembekeze kumva kulira kwake. Pa dongosolo lililonse siyani masiku awiri kapena atatu opanda chochita, chifukwa mvula ndi mphepo za m'mapiri amenewa zimatha kukutsekerani mu tenti kapena kuletsa helikopita kuuluka, ndipo munthu amene wapanikiza masiku ndiye amene amakakamira kukwera phiri pa tsiku losayenera.

Pezani wokutsogolerani, ndipo mumufunse mafunso ovuta

Lamulo silikakamiza mlendo kukhala ndi wotsogolera, koma paulendo woyamba kupita nokha m'mapiri a Southern Alps n'kudziika pangozi popanda chifukwa. Yambani kufufuza kutatsala chaka chathunthu, popeza masabata a roar amadzaza msanga. Otsogolera ambiri odziwika ali m'bungwe la New Zealand Professional Hunting Guides Association, ndipo aliyense wogwira ntchitoyi pa malo a boma ayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku Department of Conservation, nthambi yoyang'anira zachilengedwe imene aliyense amangoitchula kuti DOC.

Funso loyamba likhale lokhudza malo. Kuli kusaka kwa mitundu iwiri kumene otsatsa malonda nthawi zina amakusakaniza. Kwina kumachitikira m'mafamu akuluakulu otchingidwa ndi mpanda wautali wa waya, momwe muli agwape oswanitsidwa mwadala kuti akhale ndi nyanga zikuluzikulu, ndipo mtengo umakwera malinga ndi muyeso wa nyangazo. Kwina n'kwa nyama zoyenda mwaufulu, pa malo a boma kapena pa mafamu a m'mapiri opanda mpanda wotchinga agwape. Zithunzi za mphongo zokhala ndi nthambi za nyanga makumi awiri kapena kuposa pafupifupi zonse zimachokera mumpanda. M'tchire lenileni mphongo ya nthambi 12, imene amaitcha royal, ndi yonyaditsa kale ndipo alenje ambiri amatha zaka asanaipeze. Palibe chokuletsani kusankha mpanda, koma musankhe mukudziwa, ndipo yankho lake lilembedwe m'pangano.

Funsaninso za helikopita. Kunyamulidwa kupita kumsasa wa pamwamba n'kusaka wapansi kuchokera pamenepo ndi chinthu chimodzi. Kuuluka mukufunafuna tonde, n'kutsitsidwa pafupi naye kuti mungowombera, ndi chinthu china, ndipo ngakhale n'chololedwa m'madera ena, alenje ambiri akumeneko amadana nacho. Ine ndimagwirizana nawo, chifukwa phindu lonse la tahr lili m'kumukwerera. Pomaliza, pemphani mndandanda wa zolipira zonse: ndalama ya tsiku lililonse, ya nyama iliyonse yophedwa, ya maola a helikopita, yobwereka mfuti ndi yokonza zikopa. Dziwani kuti otsogolera ambiri amawerengera nyama yovulazidwa n'kuthawa ngati yophedwa. Musatumize ndalama yachikole musanalankhule ndi alenje awiri kapena atatu amene anasakapo ndi munthuyo.

Konzani mapepala kutatsala miyezi ingapo

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa ayenera kupempha viza ya mlendo ku Immigration New Zealand kudzera pa intaneti, ndipo adzafunika kuonetsa kuti ali ndi ndalama zokwanira komanso kuti adzabwerera kwawo. Kalata yotsimikiza malo yochokera kwa wokutsogolerani imathandiza pamenepa. Amene ali ndi pasipoti ya Britain safuna viza, koma chilolezo cha pa intaneti chotchedwa NZeTA. Alendo ambiri amalipiranso msonkho wa zachilengedwe ndi zokopa alendo, womwe kuyambira mu Okutobala 2024 ndi madola 100 a ku New Zealand. Ngati ndege yanu idzaima ku Australia, fufuzani msanga ngati pasipoti yanu ikufunika viza yongodutsira.

Nkhani ya mfuti ili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kutenga yanu. Mukatero muyenera kupempha laisensi ya mlendo ndi chilolezo cholowetsera mfuti ku Te Tari Pūreke, ofesi yoyang'anira za mfuti m'dzikolo, muli ndi laisensi yovomerezeka yakwanu, ndipo pempholo lipite kutatsala miyezi ingapo. Chichitikireni chiwembu cha ku Christchurch pa 15 Malichi 2019, mfuti zambiri zodzilowetsera zokha chipolopolo chotsatira n'zoletsedwa, choncho tengani ya bawuti wamba. Mudzafunikanso chilolezo cha apolisi akwanu chotulutsira mfuti, chilolezo cha kampani iliyonse ya ndege, ndi mapepala a dziko lililonse lodutsamo. Kulowa nayo ku South Africa, mwachitsanzo, kumafuna fomu ya SAPS 520. Zipolopolo siziyenera kupitirira makilogalamu 5.

Njira yachiwiri ndi kubwereka ya wokutsogolerani, ndipo kwa munthu wochokera kum'mwera kwa Africa, amene amasintha ndege kawiri kapena katatu, iyi ndiyo yanzeru. Lamulo limalola munthu wopanda laisensi kugwiritsa ntchito mfuti pamene mwini laisensi ali pambali pake penipeni, moti angathe kuigwira nthawi iliyonse. Zikutanthauza kuti simudzapatukana naye muli ndi mfuti m'manja, zomwenso n'zabwino kwa mlendo.

Pa malo a boma pamafunika chilolezo chosakira cha DOC, chimene m'madera ambiri n'chaulere ndipo chimapezeka pa intaneti. Madera ena otchuka, monga zipululu za Adams ndi Hooker-Landsborough m'nyengo ya tahr, amagawidwa mwa maere miyezi yambiri nyengoyo isanafike. Abakha ali ndi laisensi yawoyawo yochokera ku Fish & Game New Zealand. Musaiwale inshuwalansi. Bungwe la boma la ACC limathandiza ngakhale alendo kulipira chithandizo cha kuvulala pangozi, koma silikhudza matenda, kusintha tikiti kapena kukubwezani kwanu, ndipo inshuwalansi zambiri za apaulendo sizivomereza ulenje pokhapokha mutazifunsa mwachindunji.

Limbitsani miyendo, kenaka phunzirani kuwombera mutatopa

Pa zokonzekera zonse, ichi ndi chimene anthu amachipeputsa. Mbuzi za tahr zimakhala pamwamba pa malire a mitengo, ndipo tsiku limodzi lingakukwezeni mamita mazana angapo, nthawi zina kufika 1,000, pa udzu woterera ndi pa miyala yogumuka. Yambani kutatsala miyezi inayi kapena isanu. Yendani ndi chikwama cha kumsana katatu pa sabata, mukuwonjezera kulemera pang'onopang'ono mpaka makilogalamu 15, mutavala nsapato zomwezo zimene mudzapite nazo. Amene ali ku Malawi ali ndi mwayi, chifukwa njira zokwera phiri la Mulanje, la Zomba ndi la Dedza zimaphunzitsa miyendo zimene msewu wosalala sungaphunzitse. Ikani mtima kwambiri pa kutsika, popeza mawondo amagonja potsika ndi katundu, osati pokwera.

Kuwombera kwa m'mapiri kumasiyana ndi kwa m'tchire lathyathyathya. Nthawi zambiri nyama imakhala pa mtunda wa mamita 200 mpaka 300, kutsidya kwa chigwa kapena pamwamba panu. Yesererani mutagona chafufumimba, mfuti itatsamira pa chikwama, ndipo nthawi zina muziyamba mwathamanga kuti muzolowere kuwombera mtima ukugunda. Kumbukirani kuti powombera chokwera kapena chotsika kwambiri chipolopolo chimagunda pamwamba pa pomwe mumayembekezera, chifukwa mtunda umene mphamvu yokokera pansi imagwirapo ntchito ndi waufupi kuposa umene maso akuona. Mfuti za .270, .308, 7mm Remington Magnum kapena .300 Winchester Magnum zimakwanira nyama zonse zitatu zazikuluzi. Dziikireni malire a mtunda umene simuphonya, ndipo muwauze wokutsogolerani pa tsiku loyamba.

Longedzani, ndipo tsukani chilichonse

Musatenge zovala za thonje, chifukwa zikanyowa siziuma ndipo zimachotsa kutentha m'thupi. Tengani zamkati za ubweya wa nkhosa, juzi yofunda, jekete ndi buluku zosalowa madzi, chipewa chofunda, ndi chovala chimodzi cha mtundu wowala kwambiri. Nsapato zikhale zolimba pansi ndi zogwira akakolo. Magolovesi okhuthala ndi ofunika chifukwa cha chomera chotchedwa speargrass, chimene masamba ake ndi osongoka moti amaboola buluku ndi chikhatho cha munthu amene waterereka n'kugwirapo. Onjezani magalasi abwino oonera patali, tochi ya pamutu ndi mankhwala othamangitsa tizilombo toluma totchedwa sandfly, tomwe tachuluka ku West Coast, dera la kumadzulo kwa chilumbachi. Foni sigwira m'zigwa zambiri, choncho gulu lanu likhale ndi kachipangizo koitanira opulumutsa kudzera pa setilaiti kotchedwa PLB, ndipo kazikhala pathupi, osati mu tenti.

Pabwalo la ndege la Auckland kapena Christchurch mudzakumana ndi oyang'anira zolowa m'dziko amene sachita chibwana. Tsukani nsapato ndi burashi mpaka dothi lonse lichoke m'mizere ya pansi, sansani njere za udzu m'masokosi, m'matumba ndi mu tenti, ndipo lembani pa fomu kuti muli ndi katundu wogwiritsa ntchito kutchire. Musatenge nyama youma, uchi kapena zipatso. Kulephera kuulula katundu wotere kumabweretsa chindapusa cha pompopompo cha madola 400. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola 10 m'miyezi imeneyi, choncho gonani usiku umodzi kapena awiri m'tauni musanagwire mfuti, ndipo tsiku loyamba muiyese pa chandamale.

Kusaka agwape m'nyengo yolira

Dzukani kukadali mdima, mukhale pa mtunda woyang'ana chigwa, ndipo mumvetsere. Mphongo ikalira, kulira kwake kumayamba ngati kubuula kwakuya n'kumathera m'kukhosomola, ndipo ina imayankha kutsidya. Musathamangire. Yambani mwaona kumene mphepo ikupita, chifukwa gwape amakhulupirira mphuno yake kuposa maso ndi makutu. M'mawa kukadali kozizira mpweya umatsika ndi chigwa, ndipo dzuwa likatenthetsa mapiri umatembenuka n'kuyamba kukwera. Mlenje amene wayamba kuwenda mochedwa amapezeka kuti fungo lake lamutsogolera. Poyenda yang'anani zizindikiro: zithaphwi zamatope momwe mphongo zimagubuduka, timitengo tosendeka makungwa ndi nyanga, ndi fungo lamphamvu la mkodzo. Wokutsogolerani adzalira motsanzira mphongo pogwiritsa ntchito nyanga ya ng'ombe kapena paipi, ndipo nthawi zina mphongo yolusa imabwera yokha ikuthyola nthambi. Chenjerani ndi zazikazi zimene zimaizungulira, popeza ndizo zimayamba kukuonani.

Pano pali lamulo limene sindingalitchule mopepuka. Ku New Zealand alenje akhala akuwomberana m'nyengo imeneyi, ndipo kawirikawiri wowomberedwayo amakhala mnzake wa wowomberayo, amene anapatukana naye kanthawi kochepa. Kulira kumene mukumva kungakhale kwa mlenje wina. Kugwedezeka kwa tchire, mtundu wofiirira kapena kaphokoso si gwape. Limodzi mwa malamulo asanu ndi awiri a mfuti a dzikolo limanena kuti muzindikire chimene mukuwombera popanda chikaiko chilichonse, ndipo kumeneko ndi kuona mutu, khosi ndi phewa la nyamayo, kudziwa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndi kuona chimene chili kumbuyo kwake. Mnzanu akachoka pamaso panu, ulenje waima kufikira mutaonananso. Chipolopolo chilowe m'chipinda chake pokhapokha mwakonzeka kuwombera. Pa malo a DOC kusaka usiku ndi tochi n'koletsedwa.

Lozani kumbuyo pang'ono kwa phewa, pamene pali mtima ndi mapapo. Nyama ikathawa, zindikirani pamene inaima, dikirani kanthawi, kenaka mulondole magazi modekha.

Loweruka la abakha

Tsiku lotsegulira abakha ndi mwambo waukulu kumidzi ya ku New Zealand, ndipo mabanja ambiri amabwerera pa dziwe lomwelo chaka ndi chaka. Malo abwino amakhala ndi eni ake kale, choncho mlendo amadalira wokutsogolerani kuti amupezere pokhala. Mudzalowa m'kachisakasa kobisalamo kotchedwa maimai kusanache, abakha apulasitiki onyengerera atayalidwa kale pamadzi, galu ali chete pambali. Kukayamba kuyera mumamva kaye mluzu wa mapiko musanaone mbalame. Musadzutse nkhope, chifukwa bakha amaona kuwala kwa khungu ali patali. Dikirani mpaka atambasule mapiko ndi kutsitsa miyendo pamwamba pa onyengerera aja, musankhe mmodzi m'gululo, mutsogoze mfuti patsogolo pake, ndipo musaimitse dzanja pokoka. Kupitirira mamita 35 kapena 40 mumangovulaza mbalame.

Werengani kabuku ka malamulo ka chigawo chimene muli, chifukwa chiwerengero chololedwa pa tsiku, maola owombera ndi kutalika kwa nyengo zimasiyana chigawo ndi chigawo. Tizipolopolo ta mtovu n'toletsedwa posaka mbalame za m'madzi mkati mwa mamita 200 kuchokera pamadzi, ndipo alenje ambiri amagwiritsa ntchito tachitsulo. Phunzirani mitundu musanapite. Bakha wochuluka ndi mallard. Paradise shelduck savuta kumuzindikira, popeza wamkazi ali ndi mutu woyera ndipo wamwamuna wakuda. Koma grey teal, kabakha kakang'ono kamene kamauluka pamodzi ndi enawo, n'kotetezedwa, chimodzimodzi bakha wotchedwa whio wa m'mitsinje yothamanga ya m'mapiri ndi wina wofiirira wotchedwa pāteke. Ngati kuwala sikukulolani kuzindikira mtundu, isiyeni idutse. Mukamachoka pa madzi ena kupita pa ena, tsukani ndi kuumitsa nsapato ndi zovala zolowera m'madzi, chifukwa ndere yowononga mitsinje yotchedwa didymo, imene inapezeka ku South Island mu 2004, imafala kudzera m'katundu wonyowa.

Kukwerera tahr ndi chamois

Dera la tahr lili pakati pa Southern Alps, kumitu ya mitsinje monga Rakaia, Rangitata ndi Godley chakum'mawa, ndi Landsborough chakumadzulo. Kum'mawa n'kouma ndi kotseguka, ndipo n'koyenera mlendo woyamba. Kumadzulo kuli mvula yambiri, tchire lothinana ndi maphompho oopsa. Chamois amwazikana m'dera lalikulu kuposa pamenepa. Ndi nyama yaing'ono, yopepuka pa matanthwe ngati chinkhoma, ya nyanga zakuda zopindikira kumbuyo ngati mbedza, ndipo maso ake ndi akuthwa kwambiri. Ikakuonani imaliza kamluzu kochenjeza zinzake, ndipo pamenepo mwatsala ndi kamphindi kochepa.

Ntchito yaikulu ya ulenje wa m'mapiri imachitika mutakhala pansi. Pezani malo obisika mphepo, tsamiritsani zigongono pa mawondo, ndipo muyang'ane phiri la kutsidya ndi magalasi chigawo ndi chigawo, kuyambira pamwamba kutsika. Masana mbuzi za tahr zimagona m'matanthwe osafikika, ndipo chakumadzulo zimatsika kudzadya udzu, n'kukweranso m'mawa. Poyamba simudzaona kanthu koma miyala. Kenaka mwala wina wakuda udzasuntha, mphepo idzakweza manyenje ake otuwira amene amafika m'mawondo, ndipo mudzazindikira kuti tondeyo anali pomwepo nthawi yonseyi. Mukamuona madzulo, nthawi zambiri ndi bwino kungozindikira njira yake n'kumukwerera m'mawa mwake, kusiyana ndi kuthamangira dzuwa likulowa. Yesetsani kufika pamwamba pake kapena pa msinkhu umodzi naye, chifukwa nyamazi zimayang'anitsitsa kumunsi, ndipo musaime pa msana wa phiri pomwe thupi lanu lingaonekere kuthambo.

Musanakoke, wokutsogolerani aone msinkhu wake. Nyanga za tahr ndi zazifupi, ndipo za mainchesi 12, omwe ndi pafupifupi masentimita 30, zimatengedwa ngati zabwino. Chofunika kwambiri ndi zaka, zimene zimawerengedwa pa mizere ya panyanga. Tonde wokhwima, wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, amakhala wakuda, wa mapewa aakulu ndi manyenje aatali, pomwe wamng'ono amaoneka wofiirira ndi wowonda, ndipo ameneyo ngoyenera kumusiya akule. Funso lachiwiri ndi la pomwe adzagwere. Tonde wowomberedwa m'mphepete mwa phompho amagubuduka mamita mazana, nyanga n'kuthyoka, kapena amakodwa pa thanthwe pomwe munthu sangafike. Kudikira theka la ola kuti asunthire pa udzu kumapulumutsa nyama ndi moyo wanu womwe. Ngati wokutsogolerani akupemphani kuwomberanso zazikazi zingapo, musadabwe. Ndondomeko ya boma ya 1993 inaika malire a tahr pa 10,000, ndipo kuchepetsa zazikazi ndiyo njira imene alenje amathandizira kuteteza zomera za m'mapiri, nyama yake n'kukhalanso yokoma kuposa ya tonde.

Ngozi zambiri zimachitika pobwerera, munthu atatopa, atasenza chikopa chonyowa, mdima ukugwa. Tsikani njira imene munakwerera, chifukwa njira yachidule yooneka bwino kuchokera pamwamba kawirikawiri imathera pa phompho losaoneka. Udzu wa m'mapiri ukagwidwa ndi chisanu kapena chipale chofewa umaterera koopsa. Mitsinje imadzaza m'maola ochepa mvula ikagwa kumtunda, ndipo yamiza anthu ambiri m'mbiri ya dzikolo. Madzi akakhala amatope, kapena mukamva miyala ikugubuduka pansi pake, musawoloke. Khalani tsidya lomwelo mpaka aphwe, ngakhale zitatanthauza kugona panja. Mitambo yaitali yosalala ikayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri ndipo mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikulimba, nyengo yoipa ili pafupi. Kumsasa bisani nsapato, zingwe ndi zikopa, chifukwa mbalame zotchedwa kea zimang'amba chilichonse ndi milomo yawo. Mbalamezi n'zotetezedwa, kuzipweteka n'kosaloledwa, ndipo musazidyetse.

Nyama, zikopa ndi ulendo wobwerera

Tumbulani nyama mwamsanga kuti izizire, ndipo nyamulani yochuluka mmene mungathere, kuyambira ndi minofu ya kumsana ndi miyendo yakumbuyo. Musanadye, onetsetsani kuti deralo silinathiridwe poizoni wa 1080, amene amagwiritsidwa ntchito kupha makoswe ndi tinyama tina towononga mbalame. DOC imaika zikwangwani panjira ndipo imalengeza madera otere pa intaneti. Nyama yosakidwa mwa njira imeneyi siloledwa kugulitsidwa, ndipo kuitengera kwanu kumafuna zilolezo zovuta kupeza, choncho idyeni komweko, yotsalayo muisiyire okulandirani.

Ngati mukufuna mutu wokhoma pakhoma, chikopa chidulidwe kumbuyo kwenikweni kwa mapewa, osati pakhosi, ndipo cha tahr ambiri amachisenda chathunthu chifukwa cha manyenje. Chikopa chimafuna mchere wambiri tsiku lomwelo, makamaka m'makutu, m'milomo ndi m'zikope, pomwe ubweya umayambira kusosoka. Katswiri wokonza zikopa wa kumeneko adzawiritsa chigaza, kuumitsa chikopa ndi kukonza chikalata cha madokotala a ziweto chotulutsira katunduyo. Ntchitoyi imatenga miyezi, ndipo mtengo wotumizira bokosi ku Africa ungakudzidzimutseni ngati simunaufunse poyamba. Kutumiza zigaza ndi zikopa zofufuta zokha n'kotsika mtengo kuposa mitu yomalizidwa. Bokosilo lisananyamuke, pitani ku nthambi ya zaumoyo wa ziweto ndi ya zanyama zakutchire ya dziko lanu mukatenge chilolezo cholowetsera, mufunsenso za msonkho wa pachipata, ndipo musunge makope a chilolezo cha DOC, pangano lanu ndi malisiti onse, chifukwa ndiwo umboni woti nyamazo zinaphedwa mwalamulo.